Dzina Limene Munandisungitsa

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Ndikudziwa kuti museka, poti ndine yemwe uja ndinkakutsutsani kuti akufa samva. Maganizo amenewo sindinasinthe kwenikweni. Kungoti nkhani imene ndili nayo ndasowa wina woyenera kumuuza.

Ndiyambe ndi zapakhomo, monga munkafunira. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, mvula inadula chitangomasula. Koma nandolo wabereka mpaka nthambi kugunda pansi, makamaka kumunda wakumtunda uja munkati ndi wa miyala yokhayokha. Mbuzi yanu yamawanga ili ndi ana awiri. Kalongonda ndinayesa kuphika ndekha, kutaya madzi kambirimbiri monga munkachitira, koma anatuluka wolimba, ndipo mkamwini wanu a Juliyo anangodya mwaulemu. Denga la khitchini likudonthabe pa ngodya yomwe ija.

Tsopano nkhani yeniyeni. Muli ndi mdzukulu wamwamuna, ndipo tinatsala pang'ono kumutaya.

Anabadwira kuchipatala bwinobwino. Titabwerera kunyumba, mng'ono wanu, amayi aang'ono a Esitere, anatenga malo anu natilowetsa m'chikuta. Malamulo ake mukuwadziwa: mwana asatuluke panja, mlendo asamunyamule, dzina asapatsidwe mpaka mchombo utagwa. Sindinakangane nawo. Ndinaona kuti kusunga khanda kutali ndi manja a anthu ambiri n'kwanzeru, kaya chifukwa chimene amapereka ndi chotani.

Sabata isanathe, m'mawa wina mwana anakana bere. Sanalire. Anangoliyika pakamwa n'kulisiya, maso ali gwa, manja ali lobodo. Khungu lozungulira mchombo linali litafiira, ndipo pankatuluka kafungo. Nditamugwira pamimba ndinapeza akuzizira. Ndinali nditawerenga kuti khanda likadwala kwambiri nthawi zina silitentha, limazizira. Koma kunena zoona, Amayi, chimene chinandiimiritsa pamphasa paja si buku ayi. Ndi inu.

Mukukumbukira tsiku lija ndinabwera ku tchuthi kuchokera ku sukulu ya uphunzitsi, tikusenda nandolo wamuwisi pakhonde? Munandiuza, maso ali m'lichero, kuti ine sindine woyamba. Munali ndi mwana wamwamuna amene anasiya kuyamwa ali m'chikuta. Akuluakulu anati sangatuluke mwini mbumba asanalole, ndipo mwini mbumbayo, malume anu, anali ku ntchito ku minda ya tiyi ku Thyolo. Uthenga unapita wapansi. Pamene ankafika, mwana anali atapita. Anakaikidwa ndi amayi okhaokha, popanda nyimbo, ndipo inu anakuletsani kulira poti sanali munthu wokwanira. Munati, "Sanatenthe thupi ngakhale pang'ono, Sesiliya. Anangozizira." Kenako munandiuza dzina limene munali mutamukonzera mumtima, munati ndilisunge. Pomaliza munandiloza ndi khoko la nandolo: "Wako akadzasiya kuyamwa, malume ako adzamve uli kale pa msewu."

Ndiye ndinamukulunga, n'kuuza a Juliyo kuti aitane wakabaza wa njinga yamoto. Amayi aang'ono anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Iwe, mabuku akuzunguza mutu eti? Tamugwira, akutentha ameneyu? Mchombo usanagwe ukufuna ukamukhazike kumsana kwa mnyamata amene sitikudziwa kumene wagona? Dikira malume ako a Bonifasi abwere kuchokera ku Ndunde."

"Mayi aang'ono, malume ndiwaimbira ndili pa msewu."

"Ha! Kuyankha kwake kwa mayi ako kwenikweni."

Ananena mokwiya, koma anasuntha pakhomo.

Kuchipatala cha ku Nguludi anesi atangomuyang'ana sanatiimike pamzere. Adokotala anandifotokozera kuti tizilombo tinalowera pamchombo n'kufika m'magazi. Ndinafunsa ngati achire. Anandiyankha kuti tabwera pa nthawi yabwino, koma sangandilonjeze. Ndinawalemekeza chifukwa cha yankho limenelo. Za mmene tizilomboto tinalowera, sindikudziwa, ndipo sindinafune kuloza munthu chala.

Anamugoneka m'kabedi kofunda m'chipinda cha makanda, singano ya dripi pa kadzanja, timachubu ta mpweya m'mphuno, kachubu kena kopititsa mkaka m'mimba. Ntchito yanga inali kufinyira mkaka m'kapu. Ndinkafunsa chilichonse: dzina la mankhwala, chifukwa chake jakisoni akubayidwa pa nthawi yakutiyakuti, tanthauzo la manambala a pamakina. Nesi wina anafika pondiseka, amvekere, "Aphunzitsi, mawa mubwere ndi yunifolomu mutithandize." Ndinkaganiza kuti ndikadziwa zambiri mantha achepa. Sanachepe. Ndinangokhala munthu wamantha wodziwa zambiri. A Juliyo ankakhala panja pansi pa mtengo ndi korona m'manja, ndipo nthawi zina ndinkawasirira.

Ndinakusowani kwambiri tsiku loyamba lija, nditaona amayi anzanga aliyense ali ndi mayi ake monga gadiyani, womuphikira ndi kumuchapira matewera. Ndinakumbukira mmene munkandiperekezera kuchipatala chomwechi ndili wamng'ono, mutamanga mbatata yootcha pa nsonga ya chitenje, n'kumandiuza kuti ndikalira pobayidwa mudya nokha. Madzulo asanafike ndinangoona amayi aang'ono akulowa pageti, mtolo wa nkhuni pamutu, poto ndi ufa kumsana. Anayenda wapansi njira yonse ija.

"Usandiyang'ane choncho," anatero. "Sindinatsatire iwe. Ndatsatira mwanayo."

Anakhala nafe mpaka tsiku lotuluka, akugona pasimenti kumalo a magadiyani. Ankapalana moto ndi mayi wina wachisilamu wa ku Namitambo, ndipo tsiku lonse ankakangana kuti wodziwa kuphika therere ndani. Phala lawo munkalinena lija, lolimba ngati lomatira nyumba, ndinalimwa osadandaula.

Panali tsiku limene mwana anafooka kwambiri, adokotala n'kusintha mankhwala. Za tsiku limenelo sindilemba zambiri. Amayi aang'ono anakhala pambali panga pa benchi, kenako anati, "Tsiku lija ndinalipo. Ndine ndinanyamula khasu." Sanafotokoze kuti tsiku liti, ndipo ine sindinafunse.

Kenako zinthu zinayamba kutembenuka pang'onopang'ono. Anachotsa machubu a mpweya. Anayamba kulira, kulira kwaukali kwa munthu wanjala, ndipo sindinamvepo phokoso lokoma chotero. M'mawa wina nesi anati ndiyese kumuika kubere. Analigwira mwamphamvu mpaka ndinakuwa. Amayi onse m'chipindamo anaseka, wina n'kunena kuti, "Ameneyo wabwera kudzakhala, mugule ufa wambiri." Mankhwala tinamaliza onse, ngakhale ena kumudzi ankati poti wayamba kuyamwa tizibwerako.

Mchombo unagwera komweko kuchipatala. Ine ndikanautaya, koma amayi aang'ono anautola n'kuumanga pa nsonga ya chitenje. Titafika kunyumba anaukwirira patsinde pa mpeyala uja kuseri kwa nyumba, pamene akuti munakwirira wanga. Sindikuona kuti zimathandiza chiyani. Komabe dzenjelo ndinakumba ndine.

Masiku onse a kuchipatala ankangomutchula kuti mwana wa Sesiliya. Ndiye Lamulungu lotsatira tinakhala pakhonde kuti apatsidwe dzina. Malume a Bonifasi, amene sanandidzudzule n'komwe za kuchoka osawadikira, anali atakonza lawo. Ndinawapempha kuti ulendo uno andilole ine, ndipo a Juliyo anali atavomera kale. Ndinati dzina lake ndi Filipo.

Malume anangoti, "Labwino, la m'Baibulo." Sankadziwa kanthu. Koma amayi aang'ono anaika mwana pamiyendo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi ako anakuuza?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ine ndinkayesa ndinamva ndekha," anatero. "Analinong'oneza tikubwerera kuchokera kumanda."

Ndinkaopa kuti anena zoti dzinalo libweretsa tsoka, ndipo mayankho ndinali nditakonza. Sanatero. Anamunyamula m'mwamba n'kunena kuti, "Filipo, wachedwatu iwe." Kenako analira, kulira kwenikweni kofuula, ine n'kulira nawo, amuna aja atangosowa poyang'ana. Kulira kumene anakuletsani kuja, Amayi, tinakulirirani ife pakhonde panu, masana dzuwa likuswa mtengo.

Panopa Filipo akunenepa. Ku sikelo akukwera mwezi uliwonse, ndipo ali ndi chipumi chanu. Pa kadzanja pali kachipsera ka singano kamene adokotala akuti kadzatha.

Chiliza chanu timanga nandolo akauma. Ndakambirana kale ndi mmisiri, ndipo ndikukulonjezani kuti pansi pa dzina lanu padzalembedwa la achimwene anga, kuti mdzukulu wanu akadzaphunzira kuwerenga adzadziwe kuti anali ndi malume ake, ndiponso chifukwa chimene ife sitinadikire.

Ndimakukondani monga kale, ngakhale sindinkadziwa kunena.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
Sesiliya