Ndasokoneza kompyuta ya apongozi

Bambo a kunyumba,

Musanayatse kompyuta ya malemu apongozi, werengani kaye apa. Ndalakwa, ndipo ndathawira kuntchito musanadzuke chifukwa sindikanatha kukuyang'anani kumaso.

Dzulo masana ndimafuna kusindikiza kalata, koma kompyutayo inkachedwa kwambiri. Ndiye ndinati ndiikemo desikitopu ina yopepuka ya Linux, pulogalamu yosintha maonekedwe a pasikirini ija ndakhala ndikuitama. Kompyutayo inathamangadi ngati yatsopano, koma poyang'ana, tizithunzi tonse ta mafayilo tinali titafola mzere umodzi ngati ana asukulu. Ndinabwezeretsa yakale ija msangamsanga, koma nayonso inali itaiwala malo a tizithunzito.

Palibe fayilo yomwe yatayika, ndaonetsetsa kawiri. Chatayika ndi kaikidwe ka bambo anu kaja: makalata kumanzere, zithunzi za adzukulu pakati, ndi kamulu ka pakona kamene ankakatcha "za mawa". Ndikudziwa kuti mumaiyatsa Lamlungu lililonse kungoyang'ana basi, osagwira kanthu. Chimene mwasunga miyezi isanu ndi itatu, ine ndachiwononga m'mphindi khumi.

Chonde musasunthe kalikonse. M'foni mwanu muli chithunzi cha tsiku lawo lobadwa, atakhala pakompyutapo, sikirini ikuoneka kumbuyo kwawo. Chifunefuneni. Ndikaweruka tikhale limodzi, inu muzindilozera, ine ndizibwezera kamodzikamodzi.

Koma ngati ndikukumbukira bwino, pakona paja phewa lawo linatchinga. Za mawa zija wozidziwa ndinu nokha.

Pepani ndithu.

Mkazi wanu wa manja oyabwa