Galimoto Yanu Yaphwanya Munthu Dzanja

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno amayi mwendo uja akupezako bwino, koma alamu anu ali ndi bandeji kumutu chifukwa cha galimoto yanu yofiira ya zitseko ziwiri ija.

Munati tisinthitse kilachi poti galimotoyo inkangolira osakwera chitunda. Tinaitana a Fanuwelo, makaniko wa ku Milonde. Mukudziwa kuti ndi yam'munsi, munthu sangakwawire kunsi kwake, ndiye anaikweza ndi jeke n'kupempha njerwa zoti aikhazikepo. Alamu anu anakaniza zootcha, ati n'zomangira khitchini, m'malo mwake anawapatsa zidina. Masiku awiri otsatira kunali chiperoni, zidinazo zinamwa madzi.

Lachitatu m'mawa a Fanuwelo ali kunsi kukoka giyabokosi, zidina zinangoti phwa! Chitsulo chinawaphwanya dzanja. Kukuwa kwake sindidzakuiwala. Galimotoyo tinaitukula ndi mitengo n'kuwakoka, magazi ali chuchuchu.

Mkulu wawo wa a Fanuwelo atafika anatola chidina, chinamunyenyekera m'manja. Anakuwa kuti, "Zootcha zili apozo mukusungira ndani?" Alamu anu asanayankhe, sipanala inawatera pamphumi. Atagwa, mkulu uja anayamba kuwapondaponda. Ine ndinawagwera pamwamba kuwatchinga, nthiti zikundiwawabe mpaka lero.

Kuchipatala a Fanuwelo awadula zala ziwiri.

Chonde muwaimbire nokha foni, musatume munthu. Mundiuzenso kokaisiya galimotoyi, pakhomo panga sindikuifunanso. Mulungu akusungeni kumeneko.

Njerwa zootcha zija zilipo zonse, palibe yosweka.

Ndine mlongo wanu,
Esinati