Nambala ya pa chasisi

Loweruka, Dennistoun, kuno kutsidya kwa nyanja. Mvula yakhala ikuwaza tsiku lonse, koma mtima wanga uli ku Limbe.

Lero a Duncan, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, ananditengera kugalaja kwa mnzawo kukaona galimoto yakalekale ya mpikisano, ya mpando umodzi. Eniake amaidziwa ngati mwana wawo: inathamanga kuti, ankaiyendetsa ndani, inagubuduzika liti. Akuti umboni wa zonsezi ndi nambala yokhomedwa pa chasisi, chitsulo chapansi chimene chimanyamula galimoto yonse.

Ndinagwada kuti ndiione. Ndisanaganize n'komwe, ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kupukuta nambalayo.

"Ayi, ayi, musakhudze!" anakuwa eniakewo.

Ndinapepesa. Ndikanawafotokozera bwanji kuti umu ndi mmene ankachitira bambo anga, makaniko wa ku Limbe, galimoto ikangolowa pagalaja? Ankandiuza kuti, "Iwe, uyambe wadziwa dzina lake usanaigwire ndi sipanala."

Chitsulo chija mbiri yake yonse ilipo. Bambo agona kumanda opanda chiliza, ndipo achemwali akuti mtanda wathabwa umene tinazika pamandapo chiswe chadya, dzina silikuwerengekanso.

Chala chikununkhabe oyilo. Sindinasambe m'manja.