Zimene mkulu wa asilikali a kumwezi ananena

Cape Town
14 Meyi 2023

Okondedwa achimwene a Moffat,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko ndi banja lonse? Msana uja unakusiyani, kapena mukungoupirira poti ndi nyengo yosankha fodya? Ine ndili bwino, kungoti kuno kwayamba kuzizira, ndipo mvula yake imagwa nthawi imene kwathu tikumanga mabelo.

Mudabwa kuti ndalemba papepala pomwe foni ilipo. Pafoni timangofunsana za mvula ndi fetereza, kenako tonse zii. Zimene ndikufuna kunena sizingakwane pamenepo, ndiye ndapatsira Lefina, mnzanga wa ku Santhe, amene akwera basi Lachiwiri.

Ndikusamalirabe agogo aja, a Hendriki, amene miyendo inafooka. Chaka chatha, tsiku lina masana ndikusita zovala, ndinamva pa TV mawu ngati a munthu wotsamwa ndi fupa la nsomba. Ndinasiya simbi n'kuthamangira kubalaza. Achimwene, inali filimu ija ya anthu a makutu anayi oyenda m'zombo za m'mlengalenga, imene inu munkamasulira ku vidiyo sho ya a Khamisi!

Zonse zinandibwerera. Mabenchi aja kuseri kwa golosale, mapepala akuda otchinga mawindo, jenereta ikutsokomola panja. Tsiku la msika anthu ankalowa manja ali bii ndi utomoni wa fodya, chipinda chonse fungo la chigafa. Inu kutsogolo, maikolofoni kukamwa, mukusandutsa Chingerezi kukhala Chichewa. A makutu anayi aja akayamba kulankhula chawo chija, chimene munachitcha Chimwezi, simunkakakamira n'komwe. Munkangopitiriza.

Mukukumbukira pamene mkulu wa asilikali awo akutsanzikana ndi mwana wake wamkazi pakhomo la chombo? Inu munkati akunena kuti, "Pita mwana wanga, koma ukafika utumize mawu. Kwanu n'kuno." Azimayi ankapukuta maso ndi zitenje.

Mukukumbukiranso zimene ndinachita ine. Ndinali Fomu 3, Chingerezi chitandikwera m'mutu. Ndinaimirira n'kukuwa kuti achimwene akunama, chimenecho si chilankhulo, palibe amene amachimva. Anthu anaseka mpaka ena kugwa pabenchi. Inu munamaliza filimuyo ndi mawu otsika. Pobwerera kumudzi simunandikweze panjinga, komanso simunakwere nokha. Munkangoikankha, ine pambuyo. Dzina loti Akunama linakukakamirani pamsika, ndipo chaka chisanathe munasiya maikolofoni. Papita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sindinanenepo kanthu.

A Hendriki ataona kuti ndaima pakamwa yasa, anandiuza zimene sindinkadziwa. Akuti chilankhulo chija ndi chenicheni, ngakhale palibe mtundu wa anthu umene unabadwa nacho. Opanga filimuwo analemba ntchito munthu mmodzi kuti achipeke, mawu ake ndi malamulo ake omwe. Anandionetsa dikishonale yake, yonenepa ngati buku la nyimbo. Iwo akhala akuchiphunzira zaka makumi atatu, ndipo Loweruka lililonse kumabwera anzawo asanu ndi mmodzi kudzacheza m'chilankhulocho. Poyamba ndinkangowapatsa tiyi n'kumaseka mumtima kuti anthu akuluakulu asowa chochita. Koma mwezi usanathe ndinapezeka ndakhala nawo patebulo, kope m'manja.

N'chovuta, achimwene. Mawu ena amatulukira kukhosi kwenikweni, moti sabata yoyamba ndinasasa mawu. Chiganizo chake chimayambira kumene ife timathera. Komabe makutu athu a ku Kasungu, ozolowera kusintha Chichewa ndi Chitumbuka pamsika umodzi, anandithandiza. A Hendriki akuti ndikuposa mnzawo wina, dokotala wa mano, amene anayamba kalekale.

Patatha miyezi isanu ndi itatu ndinapempha kuti andiikire malo aja otsanzikana, ndimve ndekha. Ndinamvetsera kanayi. Ndinkafunitsitsa kuti mukhale kuti munalondola. Mkulu wa asilikali uja amangonena kuti, "Tseka chitseko chachitatu, mpweya ukutuluka." Basi.

Ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inakana kusiya. Anzathu aja anafunsa chimene chavuta, ndiye ndinawafotokozera zonse, za inu, za a Khamisi, ndi za mwano wanga. A Hendriki anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anati tibwezere filimuyo, titseke mawu, ine ndinene zimene munkanena inu. Ndinanena m'Chichewa, n'kubwereza m'Chingerezi. Palibe anaseka. Agogowo anati zaka zonsezi akhala akumvetsera za chitseko, osaona kuti nkhope ya bamboyo yagwa pamene mwana wake akulowa. Akuti iwo anamasulira pakamwa, koma munthu wa ku Santhe uja anamasulira nkhope.

Anandipatsa ntchito yoti mawu anu aja ndiwaike m'Chimwezi. Ndinati ndimaliza tsiku lomwelo. Zinanditengera masabata atatu. Chilankhulocho chilibe mawu akuti kwathu kapena kwanu. Amene ali pafupi amatanthauza malo amene chombo chinapangidwira. Ndinayesa akuti kumene unabadwira, sanakwane. Ndinayesa akuti kumene kuli manda a makolo, analemera kwambiri. Pamapeto pake ndinalemba kuti kumene akukudikira. Ine ndinali ndi dikishonale, tebulo ndi nthawi. Inu munali ndi mpweya umodzi wokha, jenereta ili phokoso, anthu makumi asanu akuyang'ana pakamwa panu.

Pepani, achimwene. Ndinakuchititsani manyazi pa ntchito imene sindinkaidziwa kulemera kwake, ndipo ndinakulandani chinthu chimene munkachikonda. Nditafika kuno ndi pamene ndinazindikira kuti mawu amene munaika m'kamwa mwa msilikali uja ndi omwe bambo athu anakuuzani inu pa siteji ya basi, chaka chimene munapita kukagwira ntchito ku esiteti.

Pempho langa ndi limodzi. Mukapeza mpata, tengani foni ya alamu mujambule mawu anu mukumasulira malo ajawa, monga munkachitira kale, ndi kukokera mawu kuja komwe. Anzangawa akufuna kukumvani nokha, osati kudzera mwa ine. Ngati simukufuna, ndimvetsa, sindikakamiza.

Gululi lili ndi kabuku kamene amalembamo mayina a onse amene anamasulirapo kanthu m'chilankhulochi. A Hendriki afunsa kale dzina lanu lonse, cholembera chili m'manja. Ndawauza kuti adikire, ndiyambe ndafunsa mwini dzina.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Olive, kwa ana onse, makamaka Princess amene ndamva kuti akulemba mayeso chaka chino, ndi kwa azakhali a Fainala ku Lisasadzi. Mukadutsa pa golosale, a Khamisi muwauze kuti sindinawaiwale. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Perpetua