Khodi Yako Yobisa ndi Ana Khumi ndi Anayi

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi khanda lanu. Kuno tadzuka, kupatula amayi, bondo lija likuwavutabe.

Ine ndiye zinthu sizili bwino. Lachisanu ndikukaonekera kwa akuluakulu a chipatala, ndipo mwina ndikabwerako unamwino utandithera. Pulogalamu yako ija yokumbutsa masiku a katemera yalumpha ana khumi ndi anayi, onse oyenera kubayidwa kumapeto kwa Febuluwale. Mmodzi wagonekedwa ndi chikuku. Akuti ndine ndinalowetsa masiku olakwika, chonsecho makadi a katemera a anawo ali m'kabati mwanga ndipo akugwirizana ndi zomwe ndinalemba.

Wamakompyuta wathu anapempha kampani yanu kuti aone khodi, malamulo amkati amene pulogalamu imatsatira powerenga masiku. Munamuyankha kuti ndi chinsinsi cha kampani, tingokukhulupirirani. Aa! Tidye bwanji za mumphika umene wophika akukana kuuvundukula?

Kuchipatala kwa mnzanga amagwiritsa ntchito pulogalamu imene khodi yake ili poyera, aliyense amawerenga. Nayonso inalakwitsapo, inde. Koma mayi wina wakutali, woti sanamuonepo, anaona pomwe panakhota, analemba poyera, ndipo pasanathe masiku atatu zinali zitakonzedwa. Eni pulogalamu imeneyo salumbira kuti salakwa. Amangoti bwerani mudzaone nokha. Inu mumalumbira mutavala mataye, chitseko mutakhoma.

Pa foni unandiuza kuti anthu akaona khodiyo akuberani nzeru. Nzeru zake ziti? Zosadziwa kuti Febuluwale ali ndi masiku angati? Iwe amene ndinkakusintha matewera, lero uli ndi choti undibisire? Zikundinyansa, ndikuuze. Ukabisa matenda, maliro adzaulula.

Tsono nane ndili ndi chinsinsi changa. Pamene ndinkachonderera akuluakulu kuti atenge pulogalamuyi, sindinanene kuti woilemba ndi mlongo wanga. Ndinkakunyadira, chitsiru ine.

Tumiza khodiyo kwa wamakompyuta wathu lisanafike Lachisanu, tione ngati palinso ana ena olumphidwa. Ukapanda kutero, ine ndivundukula mphika wanga pamaso pa onse, ndi dzina lako lomwe. Mwina andichotsa ntchito chifukwa cha zomwezo, koma mayi wa mwana uja adzadziwa khomo loti akagogode.

Mulungu akusunge. Undiperekere moni kwa alamu, ndipo uwauze kuti masiku a katemera wa khanda lanu azilemba papepala.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene ndinakulera.