Kachikasu Ndi Kabodza

Achimwene Leonard,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tucson, ku Arizona kumeneko, inu, alamu anga a Marcy ndi ana. Kuno ku Chicago tadzuka, kungoti chisanu chatikhaulitsa, ndipo bondo langa lija layambiranso. Bambo akudya bwino, dzulo anamaliza mbale yonse ya pierogi, timikate toika mbatata m'kati tija, ndiye za thupi lawo musade nkhawa.

Ndikudziwa kuti Mayi Wozniak oyandikana nafe akuimbirani kale foni za utsi uja. Mayi amenewo pakamwa sipatsekeka. Ndiye musanathamangire kukalembetsa Bambo kunyumba yosungira okalamba, monga munaopsezera pa Khirisimasi, imvani kaye kwa ine amene ndinalipo.

Mukukumbukira makina akale a masewera a pinibolo ali kuchipinda chapansi, a chithunzi cha sitima aja? Mawu ake anayamba kusasa, kenaka zii. Bambo anatsegula, n'kutulutsa bolodi ya mawu, n'kunena kuti timigolo tosunga magetsi, totchedwa makapasita, tauma. Anati tinthu timeneti madzi akatha m'kati timangokhala pamalo, ntchito palibe. Anandilembera manambala pachikhatho n'kundituma kwa Duane wogulitsa zamagetsi.

Duane analibe timigolo tabuluu tija Bambo anazolowera, ta mwendo uku mwendo uku. Anandipatsa tina tachikasu, tating'ono ngati nyemba, ati tantalamu. Anati nambala ndi yomweyo, ndipo timeneti sitiuma mpaka Yesu adzabwere. Ine woyendetsa basi ndikanatsutsa chiyani? Ndinatenga.

Bambo anawotcherera bwinobwino. Atangoyatsa, phuu! Kalawi, utsi wonunkha, belu la moto kulira nyumba yonse. Ndinazula pulagi n'kuphimba ndi thaulo. Palibe anapsa, bolodi yokha ndiyo inabooka.

Ndinabwerera kwa Duane nditalusa. Iye anakweza manja. "Mayi, musandidye wamoyo! Pa kabuluu mzere umaloza mwendo wa mainasi, pa kachikasu umaloza wa pulasi. Mdala wanu wakaika mozondoka. Aliyense angalakwitse."

Achimwene, ndinatuluka m'sitolomo ndikuimba. Ndinati basi, si mutu wa Bambo, ndi mzere. Ndinakonzeka kukulemberani kalata yokukalipirani, inu amene mumayeza matenda a kholo lanu pafoni muli padzuwa.

Koma mawa lake ndili pachiwongolero, mawu ena anandibwerera m'mutu. Mukukumbukira tili ana, Bambo atatikhazika pabenchi yawo yogwirira ntchito, amatiimbitsa chiyani? "Kabuluu kamanena zoona, kachikasu ndi kabodza." Ankanena za mzere womwewo, ndipo tikaiwala ankatigogoda chala ndi pensulo. Zaka zonse zija akuzungulira m'mabala a mowa ndi bokosi la zida kukonza makina a eni, sanaphulitsepo ngakhale kamodzi. Mwini nyimboyo anagwira kachikasu m'manja, kuyang'ana mzere, osakumbuka kanthu. Ndinadutsa siteji, anthu n'kumandikuwa kumbuyo.

Pachakudya ndinawaimbira Bambo nyimboyo. Anaseka, n'kundifunsa kuti wandiphunzitsa zanzeru chotero ndani.

Tsono imvani chimene ndachita, ndipo musandiweruze. Ndinamasula chogwirira cha chitsulo chawo chowotcherera, n'kudula waya m'kati, n'kumanganso. Ndinaopa moto, ine ndimakhala kuntchito tsiku lonse. Kuyambira pamenepo m'mawa amatsika, kuvala epuloni, kulumikiza chitsulo, n'kukhala kudikira. Amalavulira pachala n'kukhudza nsonga. Amati magetsi a masiku ano ndi aulesi ngati mwana wawo wa ku Arizona. Ine n'kumavomera ngati chitsiru, mtima ukundiwawa.

Lachitatu anandiitanira pansipo. Anatchula dzina langa bwinobwino, osati la malemu Amayi monga amachitira masiku ena. Chitsulo chinali pabenchi chomasula, waya uli poyera. Anati waya wodzidukira wokha umanyenyeka, koma uwu wadulidwa ndi pulayala. "Wadulayo wadula mwaukhondo, Jola," anatero. "Ndinamuphunzitsa ndine."

Anandifunsa ngati analakwitsa chinthu chachikulu. Ndinawauza zonse, za mzere, za nyimbo. Anayang'ana zikhatho zawo.

Inu mukuwadziwa Bambo. Waya umenewo akanaulumikiza ine ndisanaphethire. Sanaulumikize. Anamanganso chogwirira chomwecho, n'kupachika chitsulocho pamsomali, n'kuvula epuloni. Kenaka anafunsa kuti Leonard abwera liti.

Choncho bwerani, chonde. Sindikunena kuti tiwapititse kunyumba ya okalamba, sindikunenanso kuti tisawapititse. Ndikunena kuti ndatopa, ndikuopa, ndipo sindingasankhe ndekha. Musanditumizire mapepala a nyumba za okalamba. Bwerani nokha, mudzakhale nawo pabenchi paja pamene akadali kukudziwani, chifukwa lero m'mawa za Lachitatu aiwala kale, avalanso epuloni, alumikiza chitsulo chija, ndipo pamene ndikulemba pano akudikira kuti chitenthe.

Mundiperekere moni kwa a Marcy, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwa agogo awo. Mulungu akusungeni ndipo akufikitseni kuno msanga. Mudzatenge jekete lolemera, munaiwala kale chisanu chakwanu.

Ndine mlongo wanu,
Jolanta