Mwezi Uli m'Mapasa

Meyi 21, 1432

Sibota, mkazi wanga, thupi moto. Mkodzo wake wofiira ngati njerwa. Zaka zonsezi ndikuchiza akazi a eni, lero matenda alowa m'nyumba mwanga. Mankhwala ake ndikuwadziwa: kutema mtsempha wa pamkono, magazi oipa atuluke. Ndamasula kabuku kachikopa kamene kamalendewera pa lamba wanga, ndakafunyulula. Kamunthu kojambulidwa m'menemo kandiyang'ana, chiwalo chilichonse chili ndi nyenyezi zochilamulira. Mwezi walowa m'gulu la nyenyezi lotchedwa Mapasa, ndipo Mapasa ndiwo eni mikono. Mkono sutemedwa mwezi uli mmenemo. Tidikira.

Meyi 22

Mlamu wanga Osbert, wopha nkhumba uja, wabwera ndi fungo lake. Akuti iye akagwira mpeni safunsa kumwamba. Ndamuyankha kuti n'chifukwa chake odwala ake onse amathera mu mphika. Sanaseke.

Sibota wamwa msuzi pang'ono, wasanza. Khwangwala padenga tsiku lonse. Zimenezo sindizikhulupirira, m'kabuku mulibe.

Meyi 23

Sibota akubwebweta, akuitana mayi ake amene tinaika kale. Mutu utabwerera anandigwira lamba. "Bambo, kabuku kanuko sikanagonepo ndi malungo. Temani."

Ndinamukumbutsa za mmisiri wa nsapato amene anatemedwa ndi sing'anga wina mwezi uli m'Mapasa, mkono n'kutupa mpaka manda. Anangotembenukira kukhoma. Mantha andigwira, ndisabise.

Meyi 24

Mwezi ukutuluka m'Mapasa madzulo ano. Kampeni ndanola, mbale ndatsuka, nsalu yomangira ili apo. Ndinayamba ngakhale kuimba. Kenaka chala changa chinatsika mzere umodzi m'kabuku. Tsiku la mawa lalembedwa ndi inki yofiira: limodzi la masiku oipa a mwezi uno, losatema munthu, losamwetsa mankhwala. Ndapinda, ndafunyululanso, ngati kuti lisintha.

Osbert waima pakhomo. "Alamu, mlongo wanga akapita, nyenyezi zanuzo zidzabwere kudzakumba manda."

Meyi 25

Milomo ya Sibota yauma, yada. Mkono anautulutsa yekha m'bulangete, n'kuusiya pa bondo langa. Mtsempha ukuoneka bwinobwino, wobiriwira. Kampeni ndinakagwira. Ndinakagwiradi. Ndinakabweza m'chikwama.

Ndamuuza kuti mawa m'mamawa. Wagwedeza mutu ngati mmene amachitira ndikamanama kuti sindinamwe mowa.

Wansembe wadutsa pamsewu, wayang'ana zenera lathu nthawi yaitali.

Meyi 26

Belu la tchalitchi. Azimayi akusambitsa mtembo wa Sibota m'chipinda, ine andithamangitsira panja ngati galu. Manja anapita okha pa lamba. Mwezi uli m'nyenyezi za Nkhanu, tsiku la lero lalembedwa ndi inki yakuda. Tsiku labwino kwambiri lotema mkono.

Wophika buledi wafika, malaya atapinda kale mpaka m'chigongono. Ndinamulonjeza ndekha sabata yatha kuti ndidzamutema tsiku limeneli. Za maliro sanamve. Ndamukhazika pa mpando, ndatenga mbale ija ndinatsukira Sibota.

Magazi atuluka bwino.